Mtima Unkafuna Mosquito, Koma Patebulo Pali Islander

Chimene chinandikola ndi kaliridwe kake. Ndege ya rimoti ya injini imodzi imangolira chimodzimodzi kuyambira ponyamuka mpaka potera, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Zikakhala ziwiri, zikuzungulira pa liwiro loyandikana koma losafanana ndendende, mawu ake amalowerana n'kumagunda, wuu-wuu-wuu, moti umakumva m'chifuwa ndegeyo usanaione n'komwe. Tsiku limene ndinamva kulira kumeneku koyamba pabwalo lomwe timaulutsira, ndinasiya yanga ili chigonere pa udzu n'kuima kukamwa kuli yasa. Pofika madzulo nkhani inali itatha kale mumtima: ndege yotsatira imene ndidzapange idzakhala ya injini ziwiri.

Ndisaname, sindine katswiri. Ndaulutsa ndege za rimoti zaka zinayi ndipo ndapanga zitatu ndi manja anga, zonse za injini imodzi. Yoyamba inali yophunzirira, ya phiko la pamwamba, yofatsa ngati ng'ombe yokalamba. Yachiwiri ndinaiphwanya mwezi usanathe. Yachitatu, ya phiko la m'munsi, ikuulukabe, ngakhale kuti zigamba zake zachuluka kuposa thupi lomwe inabadwa nalo. Ndi mbiri yochepa chonchi ndinkadziona kuti ndakhwima.

Ndege imene ndinkafuna inali de Havilland Mosquito. Aliyense amene amakhalira kudula balsa, mtengo wopepuka wopangira tindege, mpaka pakati pa usiku amvetsa chifukwa chake. Ndege yankhondo ya ku Britain imeneyi, yomwe inauluka koyamba mu 1940, inapangidwa ndi matabwa pamene anzake ankapanga zachitsulo. Thupi lake linali la balsa womatidwa pakati pa mapulayiwudi awiri opyapyala, kutsogolo kuli injini ziwiri za Rolls-Royce Merlin. Ndiye kuti ukamapanga kakang'ono kake, umagwiritsa ntchito mtengo womwewo umene anagwiritsa ntchito pa yeniyeniyo. Ndinapeza pulani yake, ndinaisindikiza pa mapepala ambirimbiri, ndinawalumikiza ndi tepi pansi m'chipinda chochezera mpaka a m'nyumba anayamba kudandaula kuti alibe popondera.

Loweruka lotsatira ndinaikulunga n'kupita nayo kubwalo kuti ndikaonetse bambo ena achikulire amene timaulutsa nawo, omwe anayamba zimenezi ine ndisanabadwe. Anaitambasula pa boneti ya galimoto, anaiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda m'mphepete mwa phiko kufika kunsonga komwe limachepera. Kenako anati, "Mwana wanga, ndege ndi yokongola iyi. Koma tandiuze, wangonyamuka kumene, uli pa mamita 10, injini yakumanzere yazima. Uchita chiyani?" Ndinayankha modzikhulupirira kuti, "Bambo, si ndiye ubwino wa injini ziwiri umenewo? Inayo indibweretsa." Anangoseka pang'ono, n'kukulunga pulani ija bwinobwino, n'kundibwezera.

Zimene ankasekazo ndinadzaziona ndi maso patapita milungu itatu, pa ndege ya mnzathu wina, ya injini ziwiri zamafuta. Inanyamuka bwino kwambiri. Ikukwera, kulira kuja kunasintha, ndipo mwini wake asanazindikire kuti ndi mbali iti yazima, mphuno inali itapotokera kumanzere. Iye anachita zimene aliyense wa ife akanachita: anakankha aileron, tizipsepse ta kumapiko topendeketsa ndege, kumanja n'kusiya moto uli wonse. Phiko lakumanzere linangogwa, ndege inazungulira ngati nguli kawiri, n'kudzazika mphuno m'nthaka. Zonsezi sizinathe masekondi anayi. Tinakatola zidutswa m'thumba lapulasitiki, palibe wolankhula.

Ndinapita kunyumba n'kukhala pansi kuti ndimvetse chimene chinachitika. Pa ndege ya injini imodzi, injini ikazima ndege imangosanduka yoyandama, umatsitsa mphuno n'kufunafuna potera. Pa ya ziwiri, imene yatsala yamoyo imakoka kuchokera kumbali, kutali ndi pakati, choncho imapotoza ndege yonse kulowera ku injini yakufayo. Pulopela yakufayo imasanduka chotchinga mphepo. Kuwonjezera apo, phiko la mbali yamoyo likupemereredwabe ndi mphepo ya pulopela ndipo likunyamula kwambiri, pamene linzake latsala lokha. Chimene chingalimbane ndi kupotoka kumeneku ndi rudder, yomwe imakhotetsa mphuno kumanja kapena kumanzere, ndi chipsepse choimirira cha kumchira, koma izi zimagwira ntchito ngati mphepo ikudutsa mwaliwiro. Liwiro likatsika kufika penapake, rudder imagonja, ndipo injini yamoyo ija ndi imene imakuphera ndege. Woyendetsa ndege yeniyeni amamva kupotokako m'thupi mwake, ali pampando. Ife timaima patali mamita 100, tikuyang'ana kadontho, makutu okha ndi amene angatiuze.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyang'ana mapulani ndi diso lina. Ndinasiya kufunsa kuti ndege iyi idzaoneka bwanji ikamadutsa motsika, ndinayamba kufunsa kuti idzatani tsiku limene mbali imodzi idzangoti zii. Ndinkatenga rula n'kuyeza kutalika kuchokera pakati pa thupi kufika pa injini, chifukwa injini zikatalikirana mphamvu yopotoza imakula. Ndinkayeza kutalika kwa thupi kuchokera pa phiko kufika kumchira, ndi kukula kwa chipsepse. Kenako ndinkawerengera kulemera kwa ndege poyerekeza ndi kukula kwa phiko. Apa m'pamene ndege zambiri zankhondo zinagwera. Ndege ya injini ziwiri imasenza chilichonse kawiri: mamota awiri, nyumba zake ziwiri, mawaya aatali, mtanda wa phiko wolimba kwambiri, ndipo ukawonjeza matayala opindika ndi penti yankhondo, kulemera kumakwera osaona. Phiko lolemedwa limafuna liwiro lalikulu kuti linyamule, ndipo likakhala losongoka kunsonga, nsongayo ndi imene imayamba kuleka kunyamula. Mosquito yanga inali ndi zonsezi pamodzi, kuphatikizapo chipsepse chaching'ono poyerekeza ndi zinyumba za injini zimene zatulukira kutsogolo. Chikomekome cha mkuyu, ndinatero ndekha, ndikuiyika pamwamba pa kabati.

Zinanso zinatsatira. Lockheed P-38 Lightning ndinaikonda chifukwa cha michira yake iwiri, ndipo ma rudder ake amakhala kumbuyo kwenikweni kwa mapulopela, komwe kuli mphepo. Koma kupanga P-38 ndi kupanga matupi atatu, ndipo awiri ataliataliwo ayenera kulunjika mofanana ndendende, apo ayi ndege imayenda chammbali ngati nkhanu moyo wake wonse. Douglas DC-3, ya mu 1935, imaoneka yofatsa, ndege ya anthu apaulendo, koma phiko lake limachepera kwambiri kunsonga ndipo ikachepetsedwa kukhala kandege ka rimoti imatchuka ndi kugwetsa phiko ukaichedwetsa potera. B-25 Mitchell ndi Beechcraft 18 zili ndi zipsepse ziwiri, chinthu chabwino, koma ntchito yolumikiza ma rudder awiri ndi galasi lambiri la B-25 zinandifooketsa.

Cessna Skymaster ndinakhala nayo masiku angapo. Injini imodzi ili pamphuno, ina ili kumbuyo ikukankha, zonse pamzere umodzi, choncho imodzi ikazima ndege siipotoka. Ndi nzeru yabwino ndipo wina akaisankha sindingamutsutse. Koma ine ndinaona ngati ndikudzinamiza. Ndimafuna kuphunzira kuulutsa ndege ya injini ziwiri zapamapiko, ndipo Skymaster ikanandipatsa dzina lokha, phunzirolo ayi. Panalinso ena amene anandiuza kuti ndingogula ya foam yopangiratu, monga TwinStar ya Multiplex, ndiyambe ndazolowera. Malangizo amenewa ndi olondola, ndipo mnzathu wina anandibwereka yake kawiri, ndinaphunzirapo zambiri. Kungoti ine theka la chisangalalo changa lili pa tebulo, pa fumbi la balsa ndi guluu wouma m'zala.

Zinatsala ziwiri, zonse za mu 1965: DHC-6 Twin Otter ya ku Canada ndi Britten-Norman Islander. Zonse ndi za phiko la pamwamba, lofanana mulifupi kuyambira pakati mpaka pafupi ndi nsonga, matayala osapindika, thupi ngati bokosi. Twin Otter ili ndi phiko lalitali ndi lopyapyala lochirikizidwa ndi mitanda yakunja, zomwe zikanandiwonjezera ntchito nthawi iliyonse yomanga ndi kumasula kubwalo. Islander ilibe mitanda imeneyo. John Britten ndi Desmond Norman anaipangira pa chilumba cha Isle of Wight kuti ikhale ndege yantchito, yotera pa mabwalo aafupi, yosavuta kukonza, ndipo aliyense akaiona amadziwa kuti kukongola sikunali pa mndandanda wawo. Mwana wanga wamkazi ataona chithunzi chake anati ikuoneka ngati kabati yamapiko. Sindinamutsutse.

Chimene chinandigwira ndi masamu ake. Islander yeniyeni phiko lake ndi la mamita pafupifupi 15, mulifupi mwake mamita pafupifupi 2, thupi lake lochepera pang'ono mamita 11. Ukagawa ndi 10, umapeza phiko la masentimita 150 ndi 20 mulifupi, thupi lopitirira pang'ono mita imodzi, ndipo mapulopela ake amatsika kufika pa mainchesi 8, saizi yopezeka mosavuta. Phiko lotero ndi ma square decimetre 30. Ndikakwanitsa kuti ndege yonse ndi batire yomwe isapitirire makilogalamu 1.6, ndiye kuti decimetre iliyonse isenza magalamu 53 okha, zosasiyana kwenikweni ndi ndege yanga yoyamba yophunzirira ija. Injini zake zili pafupi ndi thupi, mongokwanira kuti pulopela isakhudze mbali. Ndiponso popeza phiko ndi lofanana mulifupi, nthiti zake zonse ndi za mtundu umodzi: umadula chitsanzo chimodzi pa pulayiwudi, n'kumanga tizidutswa ta balsa pamodzi, n'kupala zonse nthawi imodzi. Pa Mosquito nthiti iliyonse inali ndi saizi yakeyake.

Sindikutsatira ndege yeniyeniyo pa chilichonse, ndipo okonda zofanana ndendende andikhululukire. Chipsepse ndi rudder ndazikulitsa pang'ono, mchira wopingasa chimodzimodzi. Phiko ndalipatsa maonekedwe a Clark Y, athyathyathya pansi, chifukwa limamangika litagona pa bolodi ndipo silichita zamwadzidzidzi likamachedwa. Kunsonga ndalipotoza madigiri 2, mphepete yakumbuyo yokwezeka pang'ono, kuti pakati pa phiko payambe kuleka kunyamula nsonga zikugwirabe. Munthu woima pansi sangazione zimenezi.

Nkhani imene inandisowetsa tulo ndi ya injini zenizenizo, pakuti kulira kumene kunandikola kuja kunali kwa injini zamafuta. Ndili ndi imodzi ya .25, ya ma cc pafupifupi 4, imene ndimaikhulupirira, ndipo ndinkaganiza zongofuna inzake. Koma tiyerekeze kuti injini yako imazima kamodzi pa maulendo 20, zomwe pa ndege ya injini imodzi sizidetsa nkhawa. Ukaika ziwiri zotero, mwayi woti imodzi izime umakhala pafupifupi kamodzi pa maulendo 10, ndipo kuzima kwake si kofanana ndi kuja. Bambo aja anandifotokozera mmene amachitira iwo. Injini iliyonse amaitchuna payokha, inzake itazima, ndipo amaisiya ikumwa mafuta ochulukirapo pang'ono. Akaziyatsa zonse, salimbana n'kufinya yochedwayo kuti ifike pa inzake, chifukwa injini yofinyidwa mafuta imatentha n'kuzima mumlengalenga. Amatsitsa yothamangayo. Iliyonse ili ndi thanki yake, ndipo amazipendekera kunja madigiri 2 kapena 3 kuti imodzi ikatsala yokha isapotoze kwambiri. Ndinamvetsera zonsezi n'kuona kuti ndikhala ndikuphunzira zinthu ziwiri zovuta pa nthawi imodzi, ndege yatsopano ndi injini ziwiri zosamvana. Ndinasankha magetsi, mtima ukuwawa.

Magetsi nawo ali ndi misampha yake, ndipo amene amanena kuti mota ya magetsi siizima sanaonepo waya atasomphoka. Mota iliyonse ya mtundu wa brushless imafuna ESC yake, kachipangizo kolamulira liwiro la mota, sungadyetse ziwiri pa imodzi n'kumagona tulo. Ndatenga mamota awiri ofanana, ma ESC awiri ofanana a 30A, ngakhale kuti ndikuyembekeza kuti iliyonse izikoka ma amp 14 okha, popeza ndikufuna ma watt pafupifupi 300 onse pamodzi pa batire ya LiPo ya maselo atatu, ya mavoti 11.1. Batire ndi imodzi, yodyetsa mbali zonse, kuti ikamatha zonse zifooke limodzi. Komabe ESC iliyonse ili ndi malire ake odulira moto batire ikatsika, ndipo ziwiri sizidula pa sekondi imodzi. Ina imayamba, n'kukusiya ndi injini imodzi pa nthawi yomwe batire yatopa kale. Choncho ndazitchuna kuti zizichepetsa moto pang'onopang'ono m'malo modula, ndipo ndidzatera ndi wotchi, batire isanafike kumeneko. Ma ESC onse awiri amatulutsanso magetsi a receiver, yolandira malamulo a rimoti, ndi a ma servo, timamota tosuntha ziwongolero, ndiye pa imodzi ndasolola waya wofiira wa pa pulagi kuti zisalimbane. Za mawaya aatali, ndinawerenga kuti ndi bwino kutalikitsa atatu opita ku mota kusiyana ndi awiri ochokera ku batire, chifukwa awa akatalika amavutitsa ma capacitor, tizipangizo ta m'kati mwa ESC. Motero ma ESC akhala pakati pa phiko, pafupi ndi batire, ndi kabowo kolowetsa mphepo.

Ubwino umodzi wa magetsi ndaulandira ndi manja awiri. Ukasinthanitsa mawaya awiri alionse mwa atatu aja, mota imazungulira chobwerera, ndiye ukaika pulopela yopindikira kwinako umakhala ndi mapulopela ozungulira mosiyana, mphamvu yopendeketsa ya imodzi ikuthetsedwa ndi ya inzake. Funso limatsala loti azungulire kulowera kuti. Pa P-38 yeniyeni, nsonga zapamwamba zinkapita kunja, kutali ndi woyendetsa. Ine ndachita mosiyana: pamwamba zilowera mkati, kuthupi. Ndege ikakweza mphuno, mbali ya pulopela yomwe ikutsika ndi imene imakoka kwambiri, ndipo ndikufuna mbali imeneyo ikhale pafupi ndi pakati. Ndiyeneranso kumayang'ana nati ya mota yobwererayo ulendo uliwonse, popeza imakonda kumasuka. Mota iliyonse ndaipatsa tchanelo chake pa rimoti, kuti ndikakankha rudder mota yakunja iwonjeze moto pang'ono. Ndaikanso switch yozimitsira mota imodzi mwadala, kuti ndikadzakwera m'mwamba kwambiri ndidzaone mmene ndegeyi imachitira, ndili ndi malo okwanira olakwitsira.

Kubwalo ndikukonza chala changa chakumanzere, chimene chakhala chaulesi zaka zinayi. Ambiri a ife timakhota ndi aileron ndi elevator (yokweza ndi kutsitsa mphuno) basi, rudder timaikumbukira ponyamuka. Tsopano ndege yanga ya zigamba ija ndimaiulutsa ndikukakamiza rudder pa kona iliyonse, ndipo bambo aja amaima pambali panga n'kukuwa mwadzidzidzi kuti, "Yazima!" Ndikamva choncho ndiyenera kubweza moto wonse, kutsitsa mphuno, kuwongola mapiko, kenako n'kuganiza. Akuti ndege ya injini ziwiri ikataya imodzi uli pafupi ndi pansi, uzimitse inayo ndi dzanja lako n'kuitenga ngati ya injini imodzi yomwe yazima, ukatere kutsogolo ngakhale kuli tchire. Ukakhala pamwamba ungabwezere moto pang'onopang'ono, rudder ili mbali ya injini yamoyo, osakhotera mbali yakufayo. Sabata yatha anakuwa ndili pakati pokamba nkhani ndi munthu wina, ndipo chala changa chinakankha moto kutsogolo. Anangopukusa mutu.

Patebulo pano phiko latha mbali zonse, mtanda wake wa spruce pamwamba ndi pansi, pakati ndalimbitsa ndi pulayiwudi kudutsa pomwe pakhale nyumba za injini. Ndaliika pa sikelo ya kukhitchini ndipo lalemera magalamu 40 kuposa mmene ndinawerengera, ndiye kumchira ndiyenera kusankha balsa wopepuka kwambiri. Pokhazikika pa ndege, pomwe kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kumafanana, ndalemba ndi pensulo masentimita 5 ndi theka kuchokera kumphepete yakutsogolo ya phiko. Chimene sindinathane nacho ndi miyendo. Pa Islander matayala akuluakulu amalendewera kuchokera ku phiko, kumbuyo kwa injini, pa miyendo yaitali, ndipo ndikatera molimba monga ndimachitira nthawi zina, mphamvu yonse ikathera mu mtanda wa phiko. Bambo aja akuti ndingoika mwendo wa aluminiyamu pansi pa thupi ngati wa ndege yophunzirira, palibe adzandimange. Ine ndikuona kuti ikatero sikhalanso Islander. Takangana Loweruka ziwiri.

Usiku wa dzulo ndinamangirira mamota onse awiri pa thabwa, ndinapanikiza thabwalo ku tebulo, n'kukweza moto mpaka theka. Ankalira mosalala, mawu amodzi opyapyala. Ndinalowa mu rimoti n'kutsitsa yakumanja pang'ono chabe, ndipo kugunda kuja kunatulukira, kakang'ono, ngati udzudzu uwiri m'chipinda chamdima. Ndinakusiya kwa mphindi yathunthu, mapepala a pulani akuuluka m'chipinda monse, mpaka chitseko chinatseguka ndi funso loti kodi ndikudziwa kuti nthawi ili bwanji.